Liwu la mayi wopeza

Nditasamutsidwa kuchoka ku Chipata kudzaphunzitsa ku Lundazi, anthu anandidziwa msanga, koma osati chifukwa cha sukulu. Wailesi yathu ya pa boma inkafuna sewero la Lachinayi lililonse madzulo, ndipo popeza ndine ndinkaphunzitsa ana masewero, mkulu wa pawailesipo anangoti, "Aphunzitsi, lembani." Ndinalemba nkhani ya mwana wamasiye ndi mayi wake womupeza. Si nkhani yachilendo, ndikuvomera. Koma Lachinayi likafika, ngakhale a njinga zakabaza ankaima pakhonde la golosale kuti amve.

Amene anakweza sewerolo posewera mayi wopeza uja anali mayi wina wa ku Kasungu, wogulitsa usipa ndi matemba pamsika. Mwamuna wake anamwalira kalekale ndipo analibe mwana. Anali munthu wa nthabwala, woti ukapita kukagula usipa wa ndiwo imodzi umabwerako nthiti zikuwawa. Koma akaima kutsogolo kwa maikolofoni n'kunena kuti, "Iwe, mbale izi zidzitsuka zokha?" thupi linkachita tsembwe. Ine amene ndinalemba mawuwo ndinkamuopa. Tinazolowerana mpaka ndinkamuitana kuti asisi.

Chilimwe cha chaka chimenecho kunabwera mkulu wina wochokera ku Britain, bambo wake wa dokotala wachizungu amene ankagwira ntchito kuno. Mkazi wake anali atangomwalira, ndiye mwana wake anamuitana kuti adzapumeko. Ankayenda pa boma ndi kachipewa kansalu, nkhope ili psu ndi dzuwa. Tinkamutcha Agogo. Atamva kuti kuli sewero, anayamba kubwera ku pulakatisi yathu Lachiwiri masana m'kalasi mwanga. Ankadzipanikiza pa desiki ya ana, mawondo ali m'mwamba. Chinyanja sankachimva n'komwe, koma ankatseka maso n'kumamvetsera mpaka timalize.

Poyamba zinkandinyansa. Ndinkati mzungu ameneyu wasowa chochita, wabwera kudzationera ngati anyani. Tsiku lina ndinamufunsa pachingerezi, mosabisa kukwiya, kuti akufuna chiyani. Anandiyankha kuti ntchito imeneyi ndi imene wadyera moyo wake wonse.

Mbiri yake anandiuza pang'onopang'ono, tikamayenda kuchoka kusukulu. Anayamba ali mnyamata, kulemba timasewero ta pawailesi monga ine. Kenako analowa ku wailesi yakanema, kumene kwa zaka zambiri ankalemba sewero la anthu okhala mumsewu umodzi. Sankalemba yekha. Anali gulu, ankagawana magawo, ndipo iye nthawi zonse ankamupatsa anthu oipa chifukwa ndiwo ankawatha. Analembanso mafilimu. Ambiri mwa iwo anthu anagula n'kuwaika pashelefu, osawajambula. Imodzi anaijambula, koma anaisintha moti atapita kukaionera anangozindikira dzina lake lokha. Mabuku analemba angapo, amene ankati anawerenga ndi alongo ake basi. Atakalamba, achinyamata a kuntchito kwake anamuthokoza bwinobwino, n'kusiya kumuimbira foni. Zonsezi ankazinena mosadandaula, ngati mlimi akufotokoza za mvula ya chaka chatha.

Anandiuzanso za mayi wina amene ankasewera munthu woipa wolembedwa ndi iye. Akuti gogo wina anamupeza m'sitolo n'kumukwapula ndi ambulera. Tinaseka mpaka misozi. "Akamuda, ndiye kuti mwalemba bwino," anatero Agogo. Mawu amenewo ndinawakonda kwambiri, moti ndinawonjezera nkhanza za mayi wopeza uja. Anayamba kumana mwana chakudya, kumubisira yunifolomu, kumunamizira kwa bambo ake.

Lachiwiri lina asisi anabwera osaseka. Anzathu atatuluka, anakhala pansi n'kundiuza zimene ankabisa. Bambo wina wa ku Kapichila, mlimi wa fodya ndi chimanga, anali atawafunsira. Nayenso mkazi wake anamwalira, n'kumusiyira ana atatu. Thenga, amene amayendetsa nkhani za ukwati kuno, anali atapita kale ku Kasungu kukaonana ndi amalume awo. Asisi ankamufuna bamboyo, ndipo sanachite manyazi kundiuza. Ankafunanso anawo.

Ndiye Lamlungu anapita kumudziko kuti abale akawaone. Anafika bwino, anagwada, n'kupereka moni wa Chitumbuka, "Monile mose." Akuluakulu anayankha. Koma kamtsikana komaliza, koti sikanayambe sukulu, katangomva liwulo kanauma pomwe kanaima. Kenako kanakuwa n'kuthawira kuseri kwa chigafa cha fodya. Asisi anakatsatira kuti akakanyengerere, ndipo atangotsegula pakamwa mwanayo anadzikodzera.

Mlongo wamkulu wa bamboyo, amene ana amamutcha ankhazi, ndiye anali ndi mawu pakhomopo. Anawatengera asisi pambali. "Tidziwa kuti ni sewelo, sitili ana ise," anatero. "Koma munthu sangakambe bwino choncho chinthu chimene mumtima mwake mulibe."

Ndinapsa mtima, ine! Ndinati ndiye amene amasewera wakuba kutchalitchi tizimubisira nkhuku? Ndinati ndikwera njinga mawa lomwe ndikawauze ankhaziwo kuti mawu onsewo ndi anga, ngati pali mfiti ndine. Asisi anangondiyang'ana.

"Mukawauza akuluakulu. Nanga mwana uja mukamuuza chiyani?"

Ukwati wa munthu unali pa ulusi chifukwa cha zolemba zanga, ndipo ndinachita mantha.

Mawa lake tinakumana atatu, ine, asisi ndi Agogo, pakhonde la nyumba ya dokotala, ine ndikumasulira. Maganizo anga anali achidule: Lachinayi likubwerali mayi wopeza apite kutchalitchi, alape, agwade pamaso pa mwana, nkhani ithe. Agogo anapukusa mutu. Anati palibe angakhulupirire, ngakhale mwana. Munthu amene wakhala akubisa yunifolomu mpaka sabata yatha sangasanduke mngelo chifukwa wolemba wapanikizika. Ndinawafunsa kuti nanga kwawo amatani. Anati kwawo munthu wa m'sewero akavuta amamugunditsa galimoto.

Nditamasulira, asisi anaomba m'manja. "Ndife ndili moyo? Malodza amenewo! Ndiponso sewero likangotha amawerenga mauthenga a maliro. Mukufuna abale anga aoloke malire ndi ufa pamutu?"

Agogo ataona kuti imfa yakanika, anati njira ina ndi kusintha wosewera. Kwawo amachita, akuti munthu amapita kuchipinda ndi nkhope ina n'kutulukako ndi ina, owonera amadandaula sabata imodzi n'kuiwala. Asisi anakananso.

"Mwana uja saopa sewero, akuopa liwu langa. Liwuli sindingalisiye pamsika ngati dengu, ndikalowa nalo m'nyumba mwawo. Linamuopseza pa wailesi, ndiye limutonthoze pa wailesi pomwepo."

Agogo atamva zimenezo anavula chipewa n'kunditumiza kukatenga mapepala.

Sindinagwirepo ntchito ngati mmene tinagwirira masana amenewo. Ine ndinkalemba m'Chinyanja n'kuwerenga mokweza. Iwo, osamva liwu ndi limodzi lomwe, ankatseka maso, kenako n'kukweza chala. "Apa mawu achuluka." Ndikamasulira, ndinkapeza kuti ndi pomwe ndaika kupepesa kapena ulaliki. Ndinkakangana nawo. Ndinawauza kuti ife kuno timakonda phunziro limveke, asatibweretsere kuuma mtima kwa kwawo. Iwo ankangoti, "Dulani." Ndinkadula ndikung'ung'udza, ndipo ndikawerenganso zinkamveka bwino kuposa poyamba, chimene chinkandikwiyitsa kwambiri.

Chimene chinatsala chinali chochepa. Bambo wa m'seweromo wapita kukagulitsa fodya. Mwana wamasiye wadwala malungo, thupi lili moto. Mayi wopeza akulalata monga mwa masiku onse, kuti mwana ameneyu amadwalira dala. Koma akumubereka kumbuyo. Akuyenda naye wapansi kupita kuchipatala, wefuwefu, akulalatabe. Kenako mwana wasiya kuyankha. "Iwe, usagone. Ndiyankhe. Ndati ndiyankhe, mwanawe." Ndiye akuyamba kumuimbira chapansipansi, kanyimbo kopanda mawu, mpweya ukumuthera. Palibe pamene akupepesa.

Asisi anajambula kamodzi kokha. Atamaliza, mkulu wa pawailesi anayamba kufunafuna chinachake m'thumba chimene munalibe. Ine ndinalira, sindibisa.

Lachisanu pamsika panali nkhani imodzi. Amayi ankabwera pa benchi ya asisi kudzawauza kuti anawaliza, ena kudzawakalipira kuti bwanji ankabisa mtima wabwino nthawi yonseyi. Usipa unatha dzuwa lisanafike pamutu. Agogo anandiuza kuti pa zonse zimene anaikapo dzanja, kagawo kameneka kali m'gulu la zabwino, ndipo chokoma n'chakuti sikanathere pashelefu. Ndinayenda pa boma tsiku limenelo ngati ndine mwini wake wa msewu.

Loweruka ndinali pa benchi yomweyo, ndikusankha matemba, pamene thenga uja anafika pa njinga. Anali bambo waulemu, wa jekete ngakhale kunkatentha. Anapereka moni, anafunsa za malonda, anafunsa za kumudzi. Kenako anatsitsa mawu n'kunena kuti wadzera pano asanapite kwa amalume, kuti asisi asamvere kwa ena. Banja laona kuti nkhani ija iyambe yaima, ana akuleko. Tonse tinadziwa tanthauzo lake. Nkhani ya ukwati ikaima choncho siidzukanso.

Asisi anapitiriza kuunjika usipa m'timilu. Osakweza maso anafunsa, "Lachinayi munamvera?"

"Wailesi?" anatero thenga. "Iyayi, amama. Ankhazi anaitsekela m'sutikesi kuyambila tsiku lija mwana analila. Pakhomo paja sewelo sitimvelanso."

Asisi anagwedeza mutu. Anatenga nyuzipepala, anakulungamo matemba ambiri ndithu, osati a mulu umodzi, n'kumupatsa. "Mukawapatse ana." Thenga anayamika, "Yewo, amama," anamanga phukusilo pa kaliyala n'kumapita.

Ine magazi anawira. Ndinati gawo lija ndili nalo pafoni, tikwere galimoto pompano tikawamvetsere, ankhaziwo ndi mwana yemwe. Asisi anandigwira dzanja.

"Aphunzitsi, ndikapemphe ukwati ndi foni? Ndikamugwire mwana wa eni, ndimukhazike pansi kuti mvera ndili wabwino? Ayi. Zisiyeni."

Ndinakawauza Agogo madzulo ake. Ndinkayembekeza kuti anena kanthu kanzeru, poti anali munthu wa mawu. Koma anangotembenuza chipewa m'manja. Kenako anandifunsa ngati kupita kukapepesa kwa asisi kungakhale kulakwa pa mwambo wathu. Ndinati ayi. Anapita Lolemba, anaima pa benchi ya usipa, chipewa chili m'manja, akulankhula chingerezi chimene asisi sankachimva. Asisi anawasiya amalize, kenako anawapatsa mpando ndi chinangwa chootcha. Nkhani ya ambulera ija Agogo sanaibwerezenso. Anabwerera kwawo mvula isanagwe, ndipo dokotala anadzandiuza kuti sanalembenso kanthu, ankangolima maluwa. Bambo wa ku Kapichila uja anakwatira atakolola, mayi wina wa ku Chikomeni, wofatsa, woti ukamupatsa moni umachita kutchera khutu.

Zinandipweteka, ndipo mpaka lero ndikadutsa pa benchi ija zimandipweteka. Koma ndibwerere m'mbuyo pang'ono, ku Lachiwiri lotsatira uthenga wa thenga.

Sindinkayembekeza kuti asisi abwera ku pulakatisi. Anabwera, nthawi yake yomweyo, chitenje chikununkha usipa. Anakhala pa desiki yawo n'kutambasula dzanja. Ndinali nditawalembera gawo lofewa: mayi wopeza akuphikira mwana phala, akumuluka tsitsi, akumutcha mwana wanga. Anawerenga mpaka pansi, milomo ikuyenda, n'kundibwezera pepalalo.

"Izi mwalembera ine, simunalembere mayi uja. Mayi uja mwana akachira abwerera ku khalidwe lake, inunso mukudziwa. Musandinyengerere, aphunzitsi, palibenso amene tikumusungira mawu ofewa."

Anakonza mpango kumutu, anakhosomola pang'ono kuti liwu litseguke.

"Tiyeni. Sabata ino ndimumana chiyani mwanayo?"