Juzi imene sahwira analanda

Munthu amene anagonapo m'komboni ya pa mapulazi a ku Concession mwezi wa Juni safunika kumufotokozera za chisanu cha kumeneko. Chimakwera kuchokera kudambo, chimalowa pansi pa chitseko, ndipo m'mawa udzu umayera ngati wawazidwa ufa. M'zaka zimene ndikukambazi, nkhondo ya ufulu itatha ndipo ana anga akadali aang'ono, ndinali mphunzitsi pa kasukulu ka pa pulazi la fodya pamene ndinabadwira. Bambo anga anachokera ku Malawi ali mnyamata, nagwira ntchito pa pulazilo mpaka imfa yawo. Amayi anatsala m'manja mwa ine ndi mkazi wanga.

Kuluka kunafika m'komboni mwathu ndi mkazi wa mwini pulazi, amene tonse tinkawatchula kuti adona. Iwo anabweretsa singano ndi ulusi wa wulu kwa amayi a mpingo wathu, amene ankasonkhana Lachinayi lililonse masana, nawaphunzitsa kuluka tizigawo tolumikiza kukhala mabulangete a ana amasiye a m'tauni. Ulusi wa adona utatha, chidwi chawo chinathera pomwepo, koma cha amayi a mpingo sichinathe. Mkazi wanga ndiye anafunsa anzake tsiku lina kuti n'chifukwa chiyani mabulangete akukwera galimoto kupita kutali pamene madala akunjenjemera kuseri kwa nyumba zathu zomwe.

Madala amenewa ankakhala kumapeto kwa komboni, pafupi ndi mitengo ya bulugama. Tinkawatcha machona: anthu amene anachoka kwawo, ku Malawi kapena ku Tete, ali anyamata, osabwererako, ndipo ena mwa iwo osakwatira n'komwe. Mphamvu zitawathera, mwini pulazi anawasiyira tinyumba ndi kaufa ka pamwezi. Zofunda ndi zovala analibe wowaganizira.

Popeza ulusi wa m'sitolo sukanatheka, amayiwo anayamba kumasula majuzi akale. Ulusi womasula umakhala wopotanapotana, choncho ankaukulunga m'mikombero, kuuviika m'madzi ofunda, ndi kuupachika pamthunzi atamangirira mwala kumunsi kuti uwongoke. Singano zikachepa, ankasula zina kuchokera ku masipoko a njinga, kuzinola pamwala mpaka nsonga isalale. Njinga yanga yakale inaperekako masipoko ake popanda kufunsidwa maganizo. Ndinene mosabisa kuti ine sindinalukepo ngakhale mzere umodzi. Ntchito yanga inali kukhala pampando, kutambasula mikono, ndi kudikira mkazi wanga akulunge ulusi, uku akundidzudzula kuti, "Aphunzitsi, musagwetse manja, si choko ichi."

Pakati pa machonawo panali mdala wina wa ku Tete, wamtali ndi woonda, amene moyo wake wonse anali wosonkhezera moto ku mabani, nyumba zazitali za njerwa zija zoumitsiramo fodya. Iyeyu anali sahwira wa bambo anga. Kwa amene sanakulire kuno, sahwira ndi bwenzi la pamaliro: si mbale wanu, koma ndiye amasambitsa mtembo wa pabanja panu ndi kutsogolera okumba manda, ndipo ali ndi ufulu wokutukwanani, wokusekani, ndi wotenga chimene wachikonda pakhomo panu popanda mlandu. Pa maliro a bambo, mdalayu anavala chipewa chawo, naika manja kumbuyo, nayenda monga ankayendera iwo, ndi kutsokomola kachifuwa kamene bambo ankayamba nako mawu alionse. Anthu anaseka misozi ili m'maso. Tsiku logawa zovala za malemu, iye anafunsa mokweza kuti, "Nanga juzi yofiirira ija, ya mzere wobiriwira pachifuwa, ili kuti?" Amayi anayankha kuti inang'ambika kalekale. Aliyense ankadziwa kuti aibisa pansi pa bokosi lawo, koma palibe anawatsutsa.

Chaka chotsatira, chisanu chitangoyamba, mdalayo anadwala chifuwa. Anali ndi kajekete kamodzi kopyapyala, ndipo ankafunda ziguduli. Mayi wa zaumoyo wa pa pulazi, amene ankagawa mapiritsi m'komboni, anauza mkazi wanga mosapsatira kuti mdalayo akapitiriza kuzizidwa chotero sadzaiona nyengo yotentha.

Majuzi oyamba a madalawo atalukidwa, mpingo unakonza zowapereka Lamulungu, mapemphero atatha. Madala anakhazikidwa pa benchi kutsogolo, amayi a mpingo anayimba, ndipo mkulu wa mpingo, munthu wabwino mtima koma wokonda kutalikitsa mawu, anayamba kulankhula. Anati, "Taonani abale athu awa, osauka, opanda wawo, amene akanafa ngati nkhuku za chitopa pakanapanda chifundo cha amayi athu." Madala ena anawerama, nalandira ndi manja awiri. Sahwira wa bambo anaimirira pang'onopang'ono, atagwira benchi.

"Akulu a mpingo," iye anatero, "wopanda wake ndani? Theka la manda a pa pulazi lino ndinakumba ndine. Amayi anu omwe ndinawaika ndine. Juziyo kavekeni galu wanu."

Anatuluka akutsokomola, ndipo tinamva chifuwacho mpaka atakhota pa mjigo.

Mkazi wanga sanagonje msanga. M'mawa mwake anaikulunga juzi ija m'chitenje, napita nayo yekha kukanyumba ka mdalayo, nagwada pakhomo monga mwa ulemu. Anabwerako nayo. Anatisimbira kuti mdalayo sanamukalipire, koma anangoti, "Mtengwa wa mnzanga, manja ako ndi abwino. Koma ine moto wa mabani udakali m'mafupa. Kapatse amene akuzizidwa." Ndipo polankhula mawu amenewo milomo ya mdalayo inali kunjenjemera ndi chisanu.

Amayi ankamvetsera ali pamphasa, akusenda mtedza. Sanadzutse mutu.

"Inu nonse mwaphunzira, koma munthu uja simumudziwa," anatero. "Chibadwire sanalandirepo kanthu. Amalanda. Nkhuku zanga zingati zinathera mumphika mwake? Ukam'patsa, wam'chititsa manyazi. Ukam'bisira, wam'patsa."

Anasasa makoko pachitenje chawo, nalowa m'nyumba. Tinamva chivindikiro cha bokosi chikulira. Anatuluka ndi juzi yofiirira ija, ya mzere wobiriwira pachifuwa. Inali yobooka m'zigongono, njenjete zitaidya kumsana, ndipo inali ikadanunkhira fodya ndi sopo wa bambo anga. Anaiika pamiyendo pa mkazi wanga.

"Amayi, si ija munati inang'ambika?" mkazi wanga anafunsa.

"Ndinanama, ndipo Mulungu anandimva. Masula msanga ndisanasinthe maganizo. Mmene ililimu mphepo ingodutsa, ndiponso mwamuna wanga anali munthu wathupi. Mdala woonda ngati chingwe uja angalowemo kawiri. Uilukenso, koma mzerewo uubwezere pamalo pake, kuti aizindikire ali patali."

"Nanga ndimuyesa bwanji thupi osandiona?"

"Yesa pa mpini wa khasu, uwonjezereko pang'ono."

Ulusi woyamba anausolola ndi amayi eni ake, kuyambira kukhosi. Kenako anapatsira mkazi wanga, napita kuseri kwa nyumba kukaona nkhuku zimene sizinkafuna kuonedwa. Ine ndinakhala pampando wanga wa nthawi zonse, mikono ili tambasu, juzi ya bambo anga ikuchepa mzere ndi mzere pamiyendo pa mkazi wanga ndi kudzakulungika m'manja mwanga. Tsiku limenelo sanandiseke za choko, ndipo ine sindinagwetse manja.

Za mmene mkazi wanga analukira juzi imeneyo ndimazikamba ndi mutu wokwera mpaka lero. Inali nyengo yosankha fodya, ndipo iye ankagwira ntchito m'shedi kuyambira m'mawa. Ankaika mpira wa ulusi m'kathumba ka shuga kopachika padzanja, naluka akupita kuntchito, naluka pa nthawi ya chakudya anzake akupuma, naluka ali pamzere wa pa mjigo mwana ali kumsana. Ulusi wakale umaduka pafupipafupi, ndipo mfundo iliyonse ankaibisa mkati kuti isaoneke kapena kukanda khungu la munthu wodwala. Mkono umodzi utatha anaona kuti wafupika, popeza mdalayo anali ndi manja aatali. Anaumasula osadandaula, nayambanso. Masiku onsewo chifuwa chija chinkamveka m'mawa uliwonse kuchokera ku mabulugama, ndipo mkazi wanga akachimva, zala zake zinkafulumira.

Loweruka lina masana juzi inatha. Amayi sanalole kuti ipindidwe. Analamula kuti iyanikidwe pachingwe cha kutsogolo kwa nyumba, moyang'ana njira imene mdalayo ankadutsa popita kusitolo ya pa pulazi kukaothera dzuwa ndi anzake. Iwo anayala mphasa pafupi. Mkazi wanga anakhala pakhomo ngati akupeta mpunga. Ine anandiuza kuti ndikhale pampando ndi kutseka pakamwa pokhapokha nditafunsidwa.

Mdalayo anatulukira akuyenda ndi ndodo, chiguduli chili paphewa. Anadutsa pang'ono, naima, nabwerera m'mbuyo. Anaiyang'ana juziyo nthawi yaitali.

"Mfiti iwe!" anafuula. "Si iwe unati juzi iyi inang'ambika? Yauka kwa akufa?"

"Pitiriza ulendo wako, mbava yokalamba," amayi anayankha osamuyang'ana. "Imeneyo ndi ya mwana wanga, aphunzitsi."

"Aphunzitsi? Ndi mimba imeneyo? Ingathere pakhosi." Anatembenukira kwa ine, nandiloza ndi ndodo. "Ticha, tandiuza pamaso pa anthu. Atate ako anawasambitsa ndani?"

"Ndinu, madala," ndinayankha.

"Dzenje anayamba kukumba ndani? Iwe ndi bolopeni yako?"

"Ndinu, madala."

"Ndiye katundu wanga akutani pachingwe cha anthu akuba?"

Apa anthu a nyumba zoyandikana anali atayamba kutuluka. Amayi anakweza mawu kuti onse amve. "Ukangoikhudza ndikuitanira apolisi a ku Concession!"

"Aitane! Ayambe kumanga iwe, wabera wakufa ndi wamoyo yemwe."

Anaponya chiguduli pansi, nakoka juziyo mwamphamvu mpaka chingwe chinagwedezeka ndipo zovala za ana zinagwera m'fumbi. Anavula kajekete kake pomwepo, naivala. Inamukhala ngati anabadwa nayo. Mikono inafika ndendende pa mfundo za manja, ndipo mzere wobiriwira unagona pachifuwa monga unkagonera pa bambo anga.

Ndinamuona akuyang'ana m'zigongono, mmene munali zibowo kale. Anasisita ulusiwo ndi chala, nayang'ana m'mphepete mwa mkono, kenako nayang'ana mkazi wanga. Mkazi wanga anaweramira m'lichero mwake. Zinali zoonekeratu kuti wadziwa zonse, ndipo ndinaopa kuti aivula ndi kuiponya pansi monga anachitira ndi mawu a mkulu wa mpingo.

Iye anapukusa mutu mwachisoni, natembenukira kwa amayi.

"Mnzangayu waonda kumandako," anatero. "Kodi simukumudyetsa?"

Kenako anaika manja kumbuyo, natsokomola kachifuwa ka bambo anga, osati chifuwa chake chija, nayamba kuyenda pang'onopang'ono monga ankayendera iwo pochokera kumunda. Komboni yonse inafa ndi phwete. Amayi anaseka mpaka kugwira pansi, napukuta maso ndi nsonga ya chitenje, uku akumutumizira matukwano kumbuyo mpaka anazimiririka pa njira ya kusitolo.

Kuyambira tsiku limenelo sanaivule. Ankauza aliyense wofuna kumva kuti walanditsa katundu wake kwa mkazi wamasiye wakuba. Sindine dokotala, ndipo sindinganene kuti ulusi umachiza chifuwa. Mapiritsi a mayi wa zaumoyo anachitanso mbali yake. Chimene ndikudziwa n'chakuti pamene mitengo ya msasa inkayamba kufiira masamba, chisanu chitapita, mdalayo anali pakhonde la sitolo akukangana ndi anzake pa bawo, thukuta lili kamukamu m'kati mwa juzi ya bambo anga. Anaonanso zisanu zina zingapo pambuyo pake. Amayi a mpingo nawo sanaikenso munthu pa benchi lakutsogolo. Asanaluke ankayamba afunsana kuti mdala wakutiwakuti angalandire kuchokera m'manja mwa yani.

Popeza bambo anali athupi, ulusi unatsalako. Sabata yotsatira mdalayo anafika pakhomo pathu m'mawa, nagogoda pansi ndi ndodo, nanena kuti akukumbukira bwino lomwe kuti juzi imeneyi inali ndi chipewa chake choluka, chimene bambo anga sanakhale nacho ndi kale lomwe. Amayi anamuuza kuti ndi wabodza ndipo achoke asanamuthire madzi. Koma mkazi wanga anali atachiluka ndi ulusi wotsalawo. Chipewacho chinali kale pachingwe.