Matabwa Pamchenga

Apongozi anga aamuna anthu amawatcha a Levulo. Dzinali, la kachida koyezera ngati khoma lawongoka, analipezera kuntchito, chifukwa moyo wawo wonse akhala akumanga nyumba, ndipo khoma likangopendekeka pang'ono ankaligwetsa, kaya mwini wake alire. Ngakhale lero atapuma, ukawaikira tiyi patebulo logwedera amayamba apinda kapepala n'kukatsamiritsa mwendo wa tebulolo, tiyi akuzizira. Ine zimanditopetsa, koma ndinazolowera.

Chodabwitsa n'chakuti munthuyu anabadwira m'tauni ya m'mbali mwa nyanja yamchere, nyumba zambiri zoyang'ana kumadzi anamanga ndi iwo, koma kugombe sankapondako. Wakunyanja anali amayi, akazi awo. Iwo ndiwo ankatenga ana Loweruka lililonse, mwamuna wanga ali kamwana, n'kukawasambitsa mpaka milomo kutuwa. A Levulo ankangoti, "Mchenga ndimauona kuntchito, ndikauonenso popuma?"

Chaka chatha amayi anadwala sitiroko, mbali yakumanzere n'kufa. Tsiku lotuluka m'chipatala anyamata awiri anawanyamula pokwera masitepe a pakhomo, diresi itakwinyikira m'maondo, anthu oyandikana nafe ali yuu pampanda kuonerera. Amayi sanalire. Anangoti, "Ine sindidzanyamulidwanso ngati thumba," ndipo kuyambira tsikulo sanatulukenso. A Levulo anagumula masitepe aja n'kumanga potsetsereka poti pazidutsa chikuku, njinga ija ya odwala, koma amayi ankangofika pachitseko n'kubwerera. Munthu woti msika wonse unkamudziwa anayamba kufota pawindo ife tikuona, ndipo zinkandiwawa kwambiri.

Sukulu zitatsekera, ana anga anayamba kulirira kunyanja. Amayi anamva ali kuchipinda, n'kunena chapansipansi kuti madzi amchere awasowa. Kenaka anati, "Ndingapite. Koma munthu akangondigwira kuti andinyamule, mundibweze, ndipo musadzandiuzenso za kunja." Amayi aja mawu sabwereza.

Apa ndiye panabuka mkangano wa gombe. Mwamuna wanga ankafuna la kumahotela poti pali poimika galimoto, ana n'kumuvomereza poti kuli ayisikilimu. Ine ndinakana kwamtuwagalu. Kumeneko kuli zidakwa ndi mabotolo osweka, mafunde ake amagwetsa ndi munthu wamkulu yemwe, ndipo chimbudzi chake umalowa utatseka mphuno ndi maso omwe. Ndinkafuna pamthunzi, pamadzi osaya, poti mwana angasewere iwe mtima uli m'malo. Tinakangana mpaka kusowa wogonja.

M'mawa mwake ndinaona a Levulo akutuluka ndi chikuku cha amayi atakwezapo thumba la simenti.

"Abambo, katundu ameneyo akupita kuti?"

"Ndikukayesa pansi. Amayi anu kulemera kwawo n'komweku." Anayang'ana kuwindo n'kutsitsa mawu. "Koma musawauze zimenezo."

Sabata yonseyo nkhalamba inazungulira magombe a m'tauni muno ikukankha simenti pachikuku. Ena ankaiyesa yamisala, ena ankaifunsa ngati ikugulitsa. Kumahotela inapeza masitepe okhaokha, kwa asodzi miyala ndi maukonde. Inkabwerako mchenga uli mbuu mpaka m'maondo, n'kutsuka mateyala kuseri kwa nyumba amayi asanadzuke bwino. Tsiku lina inalowa m'khitchini nkhope ili ngwee.

"Ndapapeza, kumapeto kwenikweni kumene basi imakhotera. Pali konkire yotsitsira maboti, ndipo ukatsika pamenepo mchenga wake ndi wolimba ngati pansi pa nyumba. Chikuku chimangoyenda chokha mpaka kumadzi osaya. Mitengo ilipo, chimbudzi n'cha chitseko chachikulu. Amayi anu palibe awakhudze."

Chikwatiwire pabanja pano ndinali ndisanawaonepo akusangalala choncho, ndipo palibe amene anatsutsa.

Koma nyanja yamchere ili ndi khalidwe lake. Nthawi zina madzi amabwerera kutali n'kusiya mchenga wonyowa, wolimba, ndipo pakapita maola amabweranso kudzauphimba. Mwana aliyense m'tauni muno amadziwa zimenezi, kupatula munthu amene anakalamba akuyang'ana khoma. A Levulo anakayesa malowo m'mamawa, monga mmisiri amalawirira kuntchito, n'kupeza madzi ataphwa. Ife tinafika dzuwa litapendeka, chifukwa kusambitsa amayi, kuwaveka ndi kuwadikira kuti mtima ukhazikike si ntchito ya kanthawi. Ineyo ndi pakamwa panga ponsepa sindinafunse kuti anapitako nthawi yanji.

Tinapeza nyanja itadzaza. Konkire ija inali itamira, mafunde akuimenya, ndere zili tererere. Mchenga wolimba uja panalibe. Kuchokera pamitengo mpaka kumadzi osaya kunali mchenga wouma wokhawokha, wotitimira mpaka m'kakolo. Mwamuna wanga anayesa kukankha, mateyala n'kuzama pomwepo. Anthu amene anakhala pamthunzi anayamba kutembenuka.

Ndiye bambo wa ana angayu, mutu wake umagwira koma tsikulo sindikudziwa, anawerama n'kuti, "Amayi, tingokunyamulani pang'ono, si patali." Ndinalakalaka nditamutseka pakamwa ndi thaulo.

"Ndibwezeni kugalimoto," anatero amayi, osakweza mawu n'komwe.

A Levulo anali ataima chipewa chili m'manja, akuyang'ana pamene panali mchenga wawo uja. Ndinawamvera chisoni.

"Mayi, wolakwa ndine," anatero. "Ndipatseniko kanthawi. Ndikakanika, ndikubwezani ndekha."

Amayi sanavomere, komanso sanakane. A Levulo anakodola mwana wawo, nalowera kuseri kwa mitengo kumene anthu ena ankamanga nyumba. Sindikudziwa kuti anawauza chiyani amisiri anzawowo, koma anabwerako atasenza matabwa anayi aatali, a simenti yokhayokha. Awiri anawayala pansi pa mateyala, ena awiri kutsogolo kwake, monga amachitira poyendetsa wilibala pamalo otitimira. Ine anandipatsa chikuku. "Inu muzingokankha pang'onopang'ono. Osawagwira amayi anu."

Tinayamba ulendo. Chikuku chikachoka pamatabwa akumbuyo, a Levulo ndi mwana wawo ankawanyamula n'kukawayala kutsogolo. Nkhalamba inkagwada pamchenga wotentha, kusalaza ndi dzanja, kuyala, kudzuka itagwira bondo, n'kubwereranso. Thukuta linali kamukamu. Mnyamata wina wamphamvu zake anabwera kuti athandize kunyamula chikuku, ine n'kumuyang'ana diso limodzi lokha, anabwerera yekha. Amayi anali ataweramitsa mutu, dzanja lawo labwino litagwiritsitsa chitsulo, ndipo ndinkangodikira kuti anena kuti basi.

Tili pakati, anadzutsa mutu.

"Inu bambo, thabwa ilo mwaliika patali ndi linzake. Mukufuna ndigwere pakati?"

"Pepani, mayi."

"Ntchito munaiiwala eti? Sunthirani kuno."

Chidwalire amayi anali asanakalipirepo munthu. Mwamuna wanga anatembenukira kumbali ngati wagwidwa ndi mchenga m'maso. Kuyambira pamenepo woyendetsa ntchito anali amayi, ife tinali aganyu chabe, ndipo za anthu oonerera anaziiwala.

Matabwa omaliza anakathera m'madzi. Ana anali atalowa kale, akukuwa kuti agogo afika. A Levulo anagwada m'madzimo ndi buluku ndi nsapato zomwe, navula amayi nsapato yakumanzere, poti powaveka ndi powavula amayambira mwendo wodwalawo. Anautsitsa bwinobwino mpaka madzi anaumiza, kenaka n'kuwayang'ana kumaso.

"Mukuwamva?"

"Ayi bambo. Umenewo sumva kanthu."

Nkhope ya nkhalamba inagwa. Inakhala chigwadire itagwira phazi lija m'manja onse awiri. Amayi anaiyang'ana kanthawi, kenaka anatukula okha mwendo wakumanja n'kuuika pabondo pake.

"Vulani uwu."

Anawavula n'kuutsitsira m'madzi. Funde laling'ono linabwera n'kukwera mpaka m'kakolo. Amayi anakoka mpweya, natseka maso, misozi n'kuyamba kutsika mbali zonse ziwiri, yamoyo ndi yakufa yomwe.

"Akuzizira," anatero.

"Ndiuchotse?"

"Usiyeni." Anakhala choncho osatsegula maso. "Loweruka likubwerali mudzandifunse ine nthawi ya madzi. Inu simudziwa kanthu."