Diso Lotsala la Mayi Hediye

Abuzer ndinakula naye kumudzi kwathu kufupi ndi Siverek, tinkaweta nkhosa limodzi, ndiye ndikamanena kuti munthu ameneyu amandinyansa musaganize kuti ndi nsanje. Ine ndimagulitsa chakudya cha nsomba padziwe la mneneri Ibrahim kuno ku Urfa, zaka makumi awiri tsopano. Iye ali ndi minibasi yoyera, tayi wofiira, ndi perefyumu amene amafika mwiniwake asanafike.

Anayamba ndi kusenza matumba a tsabola mumsika. Kenako anatola Chingelezi cha mumsewu ndi Chijeremani cha apo ndi apo, n'kuyamba kuyendetsa alendo. Nzeru yake ndi imodzi yokha, ndipo amailalikira pomwera tiyi ngati kuti anatulukira mankhwala a imfa. “Mlendo usamuonetse dziwe tsiku loyamba. Akangoona nsombazo ndiye kuti waona Urfa yense, mawa lake wapita.” Choncho tsiku loyamba amawatengera ku miyala yakale ya ku Göbeklitepe, lachiwiri ku nyumba zadothi za ku Harran, ndipo masiku onse awiriwo amathera m'sitolo ya makapeti ya mlamu wake. Dziwe, lomwe lili pamphuno pomwepa, amalisungira tsiku lachitatu.

Chaka chatha kunabwera mayi ake, a Hediye. Matenda a shuga anali atatseka kale diso lamanzere, ndipo lamanja linkaona ngati muutsi. Dokotala anati awachita opaleshoni Lachinayi, koma sanalonjeze kanthu. Mayi amenewa moyo wawo wonse unathera kukama nkhosa ndi kuluka makapeti, dziwe ankangolimva kwa anzawo. Anafika Lamlungu ali ndi pempho limodzi: aone nsomba za mneneri ndi diso lotsalalo, aziponyere chakudya ndi dzanja lawo.

Madzulo omwewo Abuzer anandipeza ndikusonkhanitsa timbale tanga, n'kunditambasulira pepala. “Bedir, taona ndondomeko ya amayi. Masiku atatu athunthu!”

Ndinawerenga, magazi n'kuwira. Miyala Lolemba, Harran Lachiwiri, dziwe Lachitatu.

“Iwe, mutu wako ukugwira?” ndinamufunsa. “Awa ndi amako, si Ajeremani. Bwera nawo mawa m'mamawa dzuwa lisanawawe, chakudya cha nsomba ndipereka ine.”

“Ntchito yako ndi yonenepetsa nsomba,” anaseka. “Za alendo undisiyire ine. Chokoma chimabwera kumapeto.”

Zotsatirazo anandiuza ndi mkazi wake Nazife, akulira ndi mkwiyo. Lolemba Abuzer anawakhazika amayi pampando wakumbuyo, kutsogolo atadzaza alendo asanu ndi awiri a ku Holland. Kumiyala kuja, padzuwa lootcha, iwo sanaone kalikonse koma mithunzi. Ndiye m'sitolo muja! Anawakhazika pansi pakati pa makapeti n'kumauza azunguwo kuti, “Awa ndi amayi anga enieni, mmisiri wakumudzi, taonani manjawa.” Azungu khethekhethe ndi makamera, wina mpaka kugwira mpango wawo. Munthu kusandutsa mayi ake omubala chikwangwani cha sitolo! Ine nditamva ndinalavula.

Lachiwiri ku Harran zinali zomwezo, fumbi ndi makamera. Pobwerera amayi anangofunsa kamodzi, mwaulemu ngati akufunsa mlendo: “Mwana wanga, nanga nsomba zija?” Iye anati, “Mawa, amayi, mawa ndi tsiku lake.”

Mawa lakelo foni inalira m'mamawa. Kuchipatala ankawafuna nthawi yomweyo, poti wodwala shuga amamugoneka tsiku limodzi opaleshoni isanachitike. Zinalembedwa papepala la dokotala, lomwe katswiri wathu wa ndondomeko sanaliwerenge. Minibasi inadutsa mumsewu wa pamwamba pa dziwe. Amayi anati, “Tingoima pang'ono pokha.” Iye anati palibe poimika galimoto, ndipo akatuluka m'chipatala adzaziona bwino nsombazo ndi diso latsopano.

Diso latsopanolo silinabwere. Atamasula bandeji, kunali mdima mbali zonse.

Patapita milungu iwiri Abuzer anabwera nawo padziwe, iwo atavala magalasi akuda, akuyenda mopapasa. Ndinapsompsona dzanja lawo n'kuliika pamphumi panga. “Ndine Bedir, amayi, mwana wa mayi Sultan a kumudzi kwathu.”

“Ha, Bedir! Mawu ako akula,” anatero. “Madzi ali mbali iti, mwana wanga?”

Ndinawapatsa kambale ka chakudya cha nsomba. Ndisanayankhe, Abuzer, foni ili kukhutu, anawatembenuza ndi phewa osayang'ana n'komwe. Iwo ananong'ona pemphero lawo n'kuponya. Chakudya chonse chinagwera pamiyala, mbali yosiyana ndi madzi. Nkhunda zinatera, phaphapha.

“Zikudya?” anafunsa.

“Zikudya, amayi, zambirimbiri!” anatero Abuzer, dzanja litatseka foni.

Amayi analozetsa khutu pansi. Kenako anati, “Abuzer, ine ndine wakhungu, sindine wogontha. Nsomba sizikupiza mapiko.”

Ndinachita manyazi ngati wanama ndine. Ndinamukankha Abuzer ndi chigongono kuti achoke, ndipo ndikanapanda kuopa malo opatulika ndikanamuponya m'madzi momwemo ndi tayi wakeyo. Ndinawagwira dzanja amayiwo, n'kuwagwaditsa pamwala wa m'mphepete penipeni. Tinaponya limodzi kambale kena. Madzi anawira, nsomba zikukwerana, madontho n'kuwathovukira kumaso.

Sanapukute. Anakhala pomwepo nthawi yaitali, akumvetsera mpaka madzi anadekha.

“Ndi zazikulu?” anandifunsa.

“Zina ngati mkono wanga, amayi. Zotuwa, misana yakuda.”

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kundibwezera kambale kopanda kanthu.

“Lolemba lija ndikanaziona, Bedir,” anatero. “Pang'ono pokha, koma ndikanaziona.”