Anthu Khumi a Ba Fanwell

Mukafika pamsika wa Kafue m'mawa, cha kumene maminibasi a ku Lusaka amaitanira anthu, mudzaona mayi wamfupi, wampala, wovala thalauzi lachimuna, akutsitsa dengu la nsomba panjinga. Amenewo ndi Ba Mainess. Za mpalawo musawafunse, angakutukwaneni. Funsani ine Ireen, amene ndagulitsa tomato pambali pawo kuyambira tonse tili ndi mano okwanira.

Ba Mainess anabadwira ku Chanyanya, m'banja la asodzi. Anadziwa kupalasa bwato asanadziwe kulemba dzina lawo. Ali mtsikana ankapalasa njinga kuchokera kumtsinje mpaka m'tauni, atavala thalauzi la mlongo wawo, dengu la milamba kumbuyo. Ndi mmene anawaonera Ba Fanwell, Mmalawi wa ku Mchinji amene ankagwira ntchito ya njanji. Munthu wa tayi, wolankhula motsitsa ngati akupemphera. Pokafunsira mbeta anatenga mnzawo wa kunjanji, Ba Derrick, n'kuuza makolo a ku Chanyanya kuti amenewa ndi malume awo aang'ono, ndiwo ankhoswe. Ukwati unamangidwa choncho.

Ba Fanwell anali ndi nthenda imodzi: anthu khumi. Pachitike kanthu kalikonse m'Kafue, kaya mkazi walowa m'bala, kaya banja latha, kaya mwana wayankha bambo ake ataimirira, iwo ankapukusa mutu.

"Kafunseni anthu khumi kwathu ku Malawi," ankatero, "khumi onsewo akuuzani kuti n'zonyansa. Koma funsani khumi kuno. Asanu aseka, asanu enawo akupemphani muwagulire mowa."

Ine magazi ankandiwira. "Ba Fanwell, ngati kwanu n'kumwamba, mufunanji kuno ku Kafue kwa ochimwa?" Ankangomwetulira. Ndinkawauza kuti ife a Zambia tilibe chinyengo, zathu timachitira poyera. Tinakangana choncho mpaka imvi.

Koma Ba Mainess anawakhulupirira, mayi wanga ine! Atauzidwa kuti anthu khumi a ku Malawi sangadye nshima yophikidwa ndi mkazi wa thalauzi, analivula. Anayamba kupalasa njinga ndi chitenje. Tsiku lina chinakodwa m'tcheni pafupi ndi Shimabala, anagwa, nsomba mbwee mumsewu, bondo linang'ambika. Chipsera chilipo mpaka lero. Ntchito ya njanji itatha, nsomba zomwezo ndi zimene zinkawaveka tayi Ba Fanwell. Disembala aliyense bamboyo ankapita kwawo kukaona amayi ake okalamba, atanyamula milamba yowamba ndi chitenje chatsopano chosankhidwa ndi Ba Mainess. Mayiwo sanapiteko ndi kamodzi komwe. Bamboyo ankati ulendo ndi wautali, nanga nyumba asunga ndani?

Chaka chatha Ba Fanwell anamwalira. Anasiya mawu akuti akaikidwe kwawo. Ba Mainess anagulitsa bwato la malemu bambo awo kuti apeze lole yonyamula maliro. Ife tinati bwanji osangowaika konkuno, manda ndi manda. Anakana, ndipo chifukwa chinalipo. Asodzi amene amawagulitsa nsomba ku Chanyanya salola mkazi wamasiye kuyandikira bwato kapena kukhudza ukonde asanametedwe ndi kumasulidwa ndi abale a mwamuna. Amati akadali ndi mthunzi wa wakufa, nsomba zithawa. Popanda kumetedwa, Ba Mainess analibe nsomba, analibe nshima. Ndinakwera nawo loleyo. Ba Derrick anati miyendo yawatupa, sangathe ulendo.

Zaulemu zokha, eee, a Malawi ndawagonjera. Anatilandira chogwada, manja kuwomba, zikomo mpaka kutopa nazo. Bokosi linalowa m'nyumba, Ba Mainess akulitsatira kuti akakhale kumutu monga mwini maliro. Anapeza pamalopo pali kale munthu. Mayi wamtali, akulira modzigwetsa, atavala chitenje cha maluwa achikasu. Ndinachizindikira msanga. Tinakasankha limodzi chitenje chimenecho, Ba Mainess akuti mtundu uwu uwakhala apongozi.

"Amenewa ndani?" ndinafunsa mtsikana amene anatipatsa mphasa.

"Ndi amayi Elina, akazi awo a malemu. Ine ndine mwana wawo wachitatu."

Makutu ake anali a Ba Fanwell enieni. Apongozi aja, tinamva pambuyo pake, anamwalira kalekale. Anatikhazika panja, pamodzi ndi alendo.

Ba Mainess sanakuwe. Anadikira mpaka tsiku lometa. Amayi Elina atametedwa, Ba Mainess anapita kukagwada pamaso pa malume enieni a malemu, nkhalamba ya jekete lakuda, n'kuvula duku kuti nawonso ametedwe, akutchula Ba Derrick kuti ndiwo anali ankhoswe.

Nkhalambayo inawomba m'manja. "Mayi, tikuthokoza kwambiri. Munatisungira mwana wathu kuchilendo, mwatibweretseranso. Mulungu akudalitseni. Koma ife tingamasule bwanji mfundo imene sitinamange? Derrick amene mukunenayo sitikumudziwa. Si wa m'banja lino."

Ndinafuna kuigwira pakhosi nkhalamba ija. Ba Mainess anandikoka chitenje. Anapita kumene amayi ankatsuka mbale, n'kuyamba kuwafunsa mmodzimmodzi, modekha, ngati zimene anachita Ba Fanwell zinali zabwino. Wina anati mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda. Wina anati bola sanaiwale kwawo. Wina anati mtchona aliyense amafuna womuphikira, ndipo Mulungu adzawalipira. Onse anayankha atagwada.

Pobwerera ndinalankhula njira yonse. Ndinati aonekera poyera anthu khumi aja! Dikirani tifike kwathu, Kafue yense aima nanu, Ba Derrick aona polekera.

Titafika tinawapeza Ba Derrick pakhonde akusenda nzimbe, miyendo ili bwinobwino.

"Mulamu, manje munafuna nichite shani?" anatero. "Munthu anali yekha mutauni, anafuna nyumba. Ise tonse ba njanji tinali kuziba. Nanga sanakusungeni bwino?"

Tonse a njanji! Anthu amene ankadya milamba ya Ba Mainess pa Khirisimasi, akazi awo tikuimba nawo kwaya imodzi. Nkhani itafika pamsika ndinayembekezera moto. Mayi wogulitsa tinsomba ta kapenta anati amuna ndi choncho basi. Wa makala anati bola ankagona panyumba. Wina anaseka mpaka kugwira m'mimba, akuti Mmalawi anatichenjerera. Ine ndinachita manyazi, ndinapsanso mtima. Zaka zonsezo ndinkatetezera anthu awa pamaso pa Ba Fanwell, osadziwa kuti iwo ndi Ba Fanwell amamwera chikho chimodzi.

Ku Chanyanya asodzi anaona tsitsi pamutu pa Ba Mainess n'kuwauza kuti aime patali ndi mabwato. Anabwerera dengu lili gwaa, lopanda ngakhale kamlamba kamodzi.

Tsiku lotsatira anafika pamsika atavala thalauzi la Ba Fanwell lopitira kutchalitchi, atalipinda m'miyendo. Anakhala pa kireti yanga ya tomato, dzuwa likuswa mtengo, anthu onse akuona, n'kundipatsa lezala.

"Nimete, Ireen."

"Ine sindine wa kuchimuna, Ba Mainess."

"Na Derrick sanali malume. Meta!"

Ndinawameta, misozi ikugwera pampala.  Nditamaliza anakwera njinga kupita kumtsinje. Asodzi anaona mpala, sanafunse kuti wameta ndani, anawadzazira dengu.

Papita chaka tsopano, koma tsitsi likangoti limere, amandibweretsera lezala. Sabata yatha ndinawafunsa kuti kodi maliro amenewa sadzatha.

"Fanwell ninasilizana naye siku ija," anatero, akuweramitsa mutu. "Manje nimeta bantu khumi ba kuja na bantu khumi ba kuno. Yamba kumbuyo."