Memory wa a Everson

Ku malaini a esiteti mbiri inawanda yoti a Everson, aja oumitsa tiyi kufakitale, apeza chibwenzi dzina lake Memory. Ena ankati ndi wa ku Limbe, woyera, wovala thalauza. Amayi ena othyola tiyi analumbira kuti anamuona akutsika minibasi pa Masambanjati. Anthu a kwathu kuno maso ndi akuthwa, amaona ngakhale munthu woti sanabadwe.

Bodza limenelo. A Everson mutawapatsa mkazi waulere angayambe akafunsa kaye ngati amake Tisungane alola. Bambowa akhala pa makina oumitsira tiyi kuyambira ali ndi tsitsi, ndipo nzeru yawo ndi imodzi basi: chonyowa chiume. Nsapato za anzawo, jekete ya kapitawo, zonse zinaumirapo pa chitsulo chofunda cha makinawo. Mlandu anali nawodi, koma osati wa siketi.

Mwana wawo Tisungane, wophunzira unamwino, anabwera kutchuthi ndi laputopu. M'menemo munali kafukufuku wake womaliza, woti akapereke sukulu ikangotsegulira, apo ayi abwereza chaka. Laputopuyo ikayaka, pa sikirini pankabwera chithunzi chake atavala yunifolomu yoyera. Chithunzicho ndiye chinawapalamulitsa a Everson. A Fabiano, anzawo a pa makina, ankawaseka kuti mwana wanuyo mwina amangokolopa m'chipatala. Tsono tsiku lina Tisungane atapita kukaona azakhali ake ku Thekerani, bambo anakulunga laputopu m'chitenje, ulendo wa kuntchito.

Kunali chiperoni, kamvula kaja kosamveka padenga koma kolowa mpaka m'mafupa. Pofika kufakitale chitenje chinali chitanyoweratu. A Everson sanade nkhawa. Anaiika laputopu pamalo paja pa nsapato, n'kumaitembenuza ngati chinangwa chowotcha. Itafunda bwino anaiyatsa. Chithunzi chinabwera, a Fabiano anati, "Ee, nesi weniweni!" Asanatseke pakamwa sikirini yonse inasanduka ya buluu, tizilembo toyera mbwee, kenako thi.

"Yachita manyazi," anatero a Fabiano, nabwerera ku ntchito yawo.

A Everson anakaibwezera m'chikwama cha mwana ngati sinachokemo.

Tisungane atabwerako, ankati akalemba pang'ono, buluu uja. Kuyatsanso, buluu. Analira mwanayo.

"Ndine wopusa, ababa. Ndinalowetsamo fulashi ya mnzanga. Ndi vairasi imeneyi."

"Zimachitika, mwanawe," anatero a Everson.

Kuyambira pamenepo ndiwo zinasiya kuwakomera. Pa Sabata, iwo oyambitsa nyimbo mumpingo, anaiyamba pamwamba moti kwaya yonse inatsamwa.

Anadzipereka kuti aipititsa okha kwa a Promise, okonza mafoni ndi makompyuta pa Masambanjati. A Promise anamasula chakunsi, nauzira mkatimo. Munatuluka fumbi lofiirira, a Promise anayetsemula.

"Madala, laputopu yanu imamwa tiyi?"

A Everson anayang'ana kudenga.

A Promise anazula tizipangizo tiwiri tobiriwira, totalika ngati chala, tamano achikasu. "Timeneti timatchedwa memory. Ndi manja a kompyuta, ndi pomwe imagwirizira zimene ikuchita panthawiyo. Kamodzi kakawonongeka, imagwira china n'kuwerenga china, ndiye ikasokonezeka imadzizimitsa." Anapukuta timano tija ndi labala ya pensulo. Anabwezeramo kamodzi kokha, laputopu inayenda. Anasinthanitsa ndi kanzake, buluu. "Aka kafa. Kanayamba ndi madzi, kenako moto. Vairasi mulibe muno. Kotsalaka pakokha sikakwanira ntchito ya mwana wanu, tiitanitse kena ku Limbe."

"Chonde achimwene, mwana asamve."

"Ine ndimakonza makina. Za m'banja kakonzeni nokha."

Kunyumba a Everson anati, "Akuti ndi vairasi yomwe ija." Pompo Tisungane anaimbira mnzake wa fulashi uja, namukalipira mpaka ubwenzi kuthera pa foni. Bambo ake anamva zonse ali kuseri kwa nyumba, akunamizira kukonza khola la nkhuku lomwe linali labwinobwino.

Mbiri ija inabadwa mawa lake. A Everson anabisala kuseri kwa mulu wa nkhuni za kufakitale, foni pakhutu akulankhula ndi a Promise, osadziwa kuti a Fabiano akusuta mbali inayo.

"Ndiye memory afika liti? Ndidzamulandira ndekha pa siteji. Kunyumba asadziwe."

Pomwe othyola tiyi ankapita kusikelo kukayezetsa tiyi wawo, Memory anali atapeza kale nkhope, thalauza ndi ana awiri.

A Everson anaimva mbiriyo, ndipo apa ndi pamene anadzinyansira okha, chifukwa anaisiya iyende. Anaona kuti kutchedwa wachimasomaso n'kopepukirako kusiyana n'kumuyang'ana Tisungane m'maso. Amake Tisungane anasiya kuwatenthetsera madzi osamba, ndipo m'nyumba dzina lawo linasanduka "bambo inu". Iwo ankasamba ozizirawo osadandaula, mumtima akuti akundiyenera.

Memory anafikadi pa minibasi, ali m'kapepala ka pulasitiki, wolowa m'thumba la malaya. A Promise anamulowetsa, naisiya laputopu iyake tsiku lonse osazima. Buluu sanabwerenso. Koma mutu womaliza wa kafukufuku, umene Tisungane ankasunga pamene makina ankazimazima paja, unatseguka uli tizizindikiro tokhatokha ngati mapazi a nkhuku pamatope. A Promise anayesa uku ndi uku, napukusa mutu. Umenewo unapita.

Masiku a tchuthi anali atatsala ochepa. Tisungane anakhala pakhonde kulembanso mutuwo kuchokera m'mutu mwake, maso ali psuu, osadya bwino. A Everson atachoka kuntchito anakhala pambali pake, manja ali pakati pa maondo. Kamphepo kofunda kankatuluka m'mbali mwa laputopu. Mwana ananunkhiza.

"Ababa, n'zodabwitsa. Ikatentha imanunkhira ngati malaya anu a kuntchito." Anaseka pang'ono, napitiriza kulemba. "Komabe zikomo. Pakadapanda inu ndikadangokhala ndi uchitsiru wangawu."

Mawu amenewo anawalasa kuposa madzi ozizira aja.

Nthawi yomweyo a Fabiano anatulukira pa njinga, belu ngiri ngiri, mawu okwanira laini yonse.

"Akamwini a ku Limbe! Memory waswera bwanji lero?"

Amake Tisungane anaimitsa tsache. Zitseko za oyandikana nawo zinatseguka pang'onopang'ono. Tisungane anachotsa zala pa makina, nayang'ana bambo ake.

A Everson anaimirira.

"Memory ali m'makina umo, a Fabiano. Woyamba uja ndinamuwotcha ndine, inu mukuonerera. Tisungane, vairasi kunalibe. Imbira mnzako uja umupepese, ukamaliza undikalipire ine."