Nachesi Limodzi la Alamu Anga

Alamu anga a Frackson ndi a ku Mwanza, ndipo munthu wa ku Mwanza sumuphunzitsa kusenda nachesi. Anakula akuthamangira mabasi pamsewu wopita kumalire, lichero la manachesi lili m'manja. Ankasenda ndi chala chachikulu chokha, khungu lonse n'kuchoka losaduka, uku akukamba za mpira. Pobwera kudzaonekera kwathu ku Ntcheu, atafunsira achemwali anga a Sellina, anasenza thumba lathunthu, moti amayi mpaka lero amawatchula kuti mkamwini wa manachesi.

Ku Dublin, kunja kuno kumene tonse tikukhala, anafika mu 2001. Anatsukako mbale, anagwirako ulonda, kenako anapeza laisensi ya basi. Pofika 2006 ankayendetsa basi ya kampani ina yonyamula anthu kuchokera pabwalo la ndege kukawatula komwe anasiya magalimoto awo. Ulendo wake ndi wa mphindi khumi, kupita ndi kubwerera tsiku lonse, koma mukanawaona atamanga tayi mukanati ndegezo amaulutsa ndi iwo. Zaka zimenezo anthu a kuno ankakwera ndege ngati minibasi, ndiye basi yawo sinkayenda yopanda anthu. Ntchitoyo ankaikonda kwambiri. Pambali pa mpando wawo sipankasowa kathumba ka timanachesi ta m'sitolo, tomwe ankatinyoza kuti tilibe fungo, koma kudya osasiya.

Chaka chomwecho kampani inayeza madalaivala onse, ndipo alamu anapezeka ndi matenda a shuga. Dokotala wa kampaniyo sanazungulire. Anawapatsa miyezi itatu yoti amwe mankhwala ndi kusintha kadyedwe, ndipo anati shuga akapanda kutsika, adzawachotsa pachiwongolero.

Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Crumlin, dera lina la mu Dublin momuno. Sindine nesi, ndipo achemwali amaonetsetsa kuti ndisaiwale zimenezo. Komabe mwa okalamba anga asanu ali ndi shuga, ndipo tsiku lililonse ndimawapatsa chakudya chimene achipatala analemba. Ndimadziwa kuti m'mbale mwawo mumakhala apozi, kapena nachesi, kapena kanthochi kakang'ono. Pepala limene alamu anabwera nalo kuchipatala linanena zomwezo: zipatso adye, chimodzi pa nthawi, chathunthu osati chofinya. Zoti achepetse zinali buledi woyera, mpunga ndi chilichonse cha ufa woyera, chifukwa zimenezo zikalowa m'thupi zimasanduka shuga ngakhale pakamwa sizitsekemera.

Achemwali anawerenga pepalalo kamodzi, n'kuliponya pamwamba pa firiji. Madzulo omwewo anasesa m'nyumba monse. Maapozi, nthochi, mphesa ndi kathumba ka manachesi kaja anakapereka kwa a Kebby, mnansi wawo wa ku Zambia komwe amakhala ku Tyrrelstown. Lamulo lawo linali limodzi: chotsekemera pa lilime ndicho shuga, chosatsekemera ndi chakudya.

Ndisawanamizire, mantha awo anali ndi pochokera. Bambo athu anamwalira mu Disembala, nyengo ya mango, ndipo kuchipatala anatiuza kuti anali ndi shuga. Sabata imeneyo anali atadya mango ambiri, monga ankachitira chaka chilichonse. Anawayang'anira mpaka kutsirizika ndi achemwali, ine ndinali kusukulu. Kuyambira pamenepo, kwa iwo anapha bambo ndi mango. Zoti bambo anakhala zaka akumva ludzu usana ndi usiku, akuonda, popanda wowayeza magazi, achemwali safuna kuzimva.

Ndiye anayamba kusamalira mwamuna wawo monga amasamalirira wodwala kwathu, ndiko kuti kumudyetsa kuti apeze mphamvu. Tiyi anachotsamo shuga, koma buledi anawonjezera, magawo asanu ndi limodzi m'malo mwa anayi. Madzulo mitanda ya nsima inakwera kuchoka pa itatu kufika pa inayi, poti munthu akumwa mankhwala asagone ndi njala. Amalawi anzathu atamva kuti a Frackson sakupeza bwino anayamba kubwera kudzazonda, ndipo kwa wodwala supita chimanjamanja. Achemwali anali atachenjeza aliyense kuti zotsekemera ayi. Anthu anamvera ndithu. Wina anabwera ndi thumba la mpunga, wina ufa woyera wa kusitolo ya zakudya za kwathu, wina mbatatesi, ndipo mayi wina wa kumpingo anaphika mandasi osathira shuga, beseni lonse, n'kuyamikiridwa kuti ndi mayi woganiza.

Kuntchitonso zinthu zinasokonekera. Kale njala ikawagwira cha m'ma teni ankasenda manachesi awiri n'kufika nawo masana. Tsopano poti analibe chotola, ankatsikira pamalo omwetsera mafuta kukagula buledi wina wautali ngati mkono, wodzaza masoseji, amene anyamata a zomangamanga ankadya m'mawa uliwonse. Atandiuza anali akunyadira, ati taonani mlamu, mwezi wathunthu osalawa chotsekemera.

Ndinapsa mtima. Lamlungu lina nditapita kukacheza ndinatsitsa pepala lija pafiriji, ndinalipukuta fumbi, n'kuwawerengera achemwali mzere ndi mzere. Ndinawauza kuti mtanda umodzi wowonjezerawo ukuposa manachesi angapo. Ndinawauza za okalamba anga. Anandimvetsera mpaka kumapeto, manja ali m'chiuno, kenako anafunsa ngati ndinaonapo munthu atafa ndi nsima. Anati pepalalo analembera azungu, amene matupi awo anazolowera zina. Anawonjezanso kuti kusintha matewera a nkhalamba sikusandutsa munthu dokotala. Mawu amenewo anandilasa, ndipo ndivomere kuti nanenso ndinayankha zosayenera kuyankha mkulu wako.

Alamu anali pompo pampando, maso ali pa TV imene sinali yoyatsa n'komwe. Ndinawafunsa kuti iwo akuti bwanji, poti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anangoti tonse awiri tikuwafunira zabwino. Munthu wamkulu, woyendetsa basi ya anthu makumi asanu, kulephera kusankha chimene chilowe m'kamwa mwake. Ndinapempha kuti tsiku lobwerera kuchipatala achemwali apite nawo akamve okha, koma iwo anati ali pa shifiti, ndipo za mwamuna wawo sangakaziphunzire kwa nesi wa kumeneko, kamtsikana ka zaka za mwana wawo.

Kutatsala masiku awiri kuti akayezedwenso, ndinakumana nawo pabwalo la ndege ndikuperekeza mnzanga. Anali pa nthawi yopuma, atatsamira basi yawo, nkhope yotopa, lamba atamasula bowo lina. Ndinali ndi nachesi m'chikwama. Ndinawapatsa. Anayang'ana uku ndi uku ngati ndikuwapatsa chamba, kenako analisenda ndi chala chachikulu n'kudya pang'onopang'ono, kagawo kamodzikamodzi. Posowa potaya khungu, analiika m'thumba la jekete.

Zotsatira zinatuluka Lachisanu. Shuga sanatsike, anakweranso pang'ono. Kampani sinawachotse ntchito, inangowasamutsira kotsuka mabasi, kuti akadzakhala bwino nkhani yawo idzaonedwenso. Tayi uja anamuvula, anawapatsa majombo ndi paipi ya madzi.

Loweruka achemwali anandiimbira kuti ndipite. Ndinanyamuka ndikuganiza kuti nkhwangwa yafika m'mutu, tsopano amva. Ndinakonzekanso zoti sindikanena kuti ndinkanena ine. Nditalowa ndinapeza patebulo pali khungu la nachesi louma, ataliika pa sosala ngati umboni wa kukhoti. Analipeza pochapa jekete.

"Three months ndakhala ndikuvutika ndi munthuyu," anatero achemwali. Sanakweze mawu, ndipo maso awo anali ofiira. "Three months, Dyness. Iwe n'kubwera ndi chinthu chako kudzagumula zonse. Bambo sanakukwanire?"

Ndinayesa kufotokoza kuti kuyeza kumeneko kumaona za miyezi itatu yonse, kuti nachesi limodzi la sabata yomweyi silingasunthe kanthu. Mawu anga ankangogwera pansi. Ndinatembenukira kwa alamu kuti anene okha zimene nesi anawauza dzulo lake, poti ndinkadziwa kuti anawafunsa zimene amadya tsiku ndi tsiku. Iwo anaweramitsa mutu n'kumayang'ana zikhadabo zawo. Achemwali anandiuza kuti pakhomo pawo ndizibwerabe, ndine m'bale wawo, koma ndizibwera ndi manja okha. Atatero anapita kukhitchini kukapakula, ati bambo a Cindy, alamu angawo, sanadye bwino chilandirireni uthengawo.

Sindinadikire chakudya. Alamu anandiperekeza mpaka pamalo okwerera basi, kukuwaza kamvula. Tinayenda ine ndikumeza mawu chifukwa ndikanatsegula pakamwa ndikanawanyoza. Titafika ndinalephera kupirira. Ndinawafunsa kuti nesi anati chiyani.

"Anati ndi buledi ndi ufa," anatero. "Anachita kujambula mbale papepala, kundionetsa pomwe nsima iyenera kulekezera. Anati zipatso ndibwerere, two kapena three pa tsiku."

"Nanga bwanji simunanene m'nyumba muja, alamu? Mwandisiya ndikusenza mlandu."

Anapukuta madzi pankhope ndi chikhato.

"Mlamu, akulu anu amadzuka five koloko kundikonzera chakudya chimenecho asanapite kuntchito. Bambo anu anafera m'manja mwawo. Ndiye ine ndiime pamaso pawo ndinene kuti chandichotsa pa basi ndi mbale yawo? Bola akwiyire inu. Inu adzakukhululukirani, koma iwo eni sangadzikhululukire."

Ndinawafunsa kuti nanga shugayo atsika bwanji, nanga chiwongolero adzachigwiranso liti. Anati aona mmene angachitire, mwina azisiyako mtanda umodzi mwakachetechete. Tonse awiri tinkadziwa kuti kwa achemwali mbale sibwerera ndi chotsala. Basi yanga itafika anandikweza, anapereka moni kwa dalaivala monga amachitira madalaivala okhaokha, kenako anabwerera kunyumba msangamsanga kuti chakudya chisawazizirire.