Mwana wathu wosiya kupuma

Mwana wathu wamkazi ali ndi zaka ziwiri, anayamba kutilamulira. Tinkakhala ku Cowdray Park, m'nyumba ya zipinda ziwiri yosapaka pulasitala. Ukangomukaniza chinthu, kaya firiziti, kachakumwa kouma ndi kuzizira ka m'kapulasitiki, kaya foni, ankakuwa m'Chindebele kuti “Angifuni!”, kutanthauza “Sindikufuna!”, n'kulira kamodzi, kenaka zii. Kukamwa yasaa, milomo kuda, mpweya osatuluka. Nthawi zina ankagwa n'kukomoka.

Bambo ake, munthu amene anzawo kufakitale ku Belmont ankawaopa, ankanjenjemera ngati nkhuku yonyowa. Ankamunyamula, kumuuzira kumaso, uku akundikalipira: “Amake mwana, mpatseni! Mufuna afere firiziti?”

Apongozi anga anaimba foni kuchokera ku Katete kuti mwanayu akukana dzina lake, timusinthe. Amayi a kutchalitchi anabwera Lachinayi kudzamupempherera, iye ali phee pamiyendo pawo, akudya mabisiketi awo.

Tsiku lina anakomokera pamzere wa madzi kuchitsime, chifukwa ndinamulanda chivindikiro cha chigubu. Ndinasiya zigubuzo n'kukwera naye kombi kupita kuchipatala.

Dokotala wake anali mtsikana wamng'ono kwa ine. Anamupima, anamutenga magazi, kenaka anandigwira m'mbali mwa khosi. Anandifotokozera m'Chindebele kuti pamenepo pali timaselo tokhala ndi timakomo tosaoneka ndi maso, totulutsa mchere wotchedwa potaziyamu. Mpweya wabwino ukachepa m'magazi, tinthu tina tating'ono timatseka timakomoto, uthenga n'kuthamangira ku ubongo, munthu n'kupuma, afune asafune.

“Ndiye safa?” ndinafunsa.

“Ndi zimenezi ayi, mama. Komanso sachitira dala. Mumugoneke cham'mbali, musamukhutchumule. Magazi ake ndi ochepa, ndikupatsani mankhwala. Koma firiziti si mankhwala.”

Madzulo ndinawafotokozera bambo ake zonse. Anamvetsera, n'kufunsa kuti, “Nanga timakomoto tikachita dzimbiri?” Poti m'mudzi uno mpopi umatha sabata osatulutsa madzi, magetsi amabwera akafuna, iwo sanaone chifukwa chokhulupirira kuti pakhosi pa mwana pokha ndiye zinthu zimayenda bwino.

Choncho m'nyumba munakhala malamulo awiri. Akayamba zake pali ine, ndinkamugoneka pamkeka, manja anga ali kumbuyo kuti ndisamugwedeze, mpaka amvekere fuu n'kulira. Pakakhala bambo ake, ankauziridwa kumaso ndipo foni ankailandira asanatsegule n'komwe maso.

Zinatha zokha asanayambe sukulu. Apongozi amati ndi dzina lachiwiri limene anamupatsa pafoni, lomwe sitinamuitanepo nalo. Amayi a Lachinayi anakachitira umboni kutchalitchi. Bambo ake mpaka lero amauza alendo kuti anamuchiza ndi mpweya wa m'kamwa mwawo, ndipo chaka chatha anapita ku Nketa kukauzira mdzukulu wa mnzawo, amene nayenso ankasiya kupuma. Anakamupeza atayamba kale kupuma, akudya chimanga, komabe anamuuzira.